Matumba 100 a soya pa K17,050: lipoti la extension ya SQLite pa Linux, Windows ndi Mac

Lipotili ndikulembera anzanga olemba mapulogalamu kuno ku Chipata, ku Zambia, ndi madera ozungulira, makamaka inu amene mumalemba C pa laputopu yanu koma chimene mwalembacho n'kukagwira ntchito pa makina a eni ake. Nkhaniyi inachitikira pa kampani ina yaing'ono yogula soya, nshawa ndi mpendadzuwa kwa alimi. Ofesi yawo ili m'tauni muno, madepoti ali ku Katete ndi ku Chadiza. Dzina lawo sinditchula, ndiponso cholakwa chachikulu m'nkhaniyi ndi changa.

Zimene ndinapeza ndi zimene ndinalemba

Makina awo anali osiyanasiyana ngati katundu wa pa salaula. Mu ofesi munali seva ya Ubuntu 22.04. Ku Chadiza kunali laputopu ya Windows ya 64-bit, ndipo pa sikelo ya m'tauni panali ina yakale yokhala ndi Python ya 32-bit. Ku Katete anaikako Raspberry Pi, kakompyuta kakang'ono, yoyendera batire ya sola, chifukwa mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, malaiti ankapita maola ambiri. Amayi osunga ndalama anali ndi MacBook ya M1. Ine ndimalembera pa Ubuntu 24.04.

Onsewa amasunga malisiti mu SQLite, databesi yaing'ono yokhala mu failo imodzi. Vuto linali lakuti aliyense ankawerengera mtengo mwa njira yake: pulogalamu ya Python pa depoti, lipoti la pa seva, ndi amayi aja potsegula databesi mu DB Browser for SQLite. Ndinaganiza zoika lamulo la kawerengedwe pamalo amodzi. Ndinalemba failo imodzi ya C, msika.c, yokhala ndi ma function awiri. Woyamba, nrc(), amakonza nambala ya chitupa kuti ikhale m'kalembedwe kake ka manambala asanu ndi limodzi, awiri, kenako imodzi, ngakhale kalaliki ataiwala timizere. Wachiwiri, mtengo(), amatenga kulemera kwa katundu m'magalamu ndi mtengo wa kilo m'mangwee n'kubweza ndalama yolipira. Ndalama ndimasunga m'mangwee, manambala athunthu, popewa tizidutswa totsalira tija ta float. Ngwee inayambiranso kugwira ntchito mu Januwale 2013 kwacha itachotsedwa maziro atatu, ndiye ndi muyeso wabwino wosungira.

Extension ya SQLite ndi laibulale imene pulogalamu imakoka ili kale mkati mwa ntchito. Pa Linux imatha ndi .so, pa Windows .dll, pa Mac .dylib. Kusiyana sikuli pa dzina pokha. Mkati mwake ndi mitundu itatu ya failo, ELF, PE ndi Mach-O, ndipo uliwonse uli ndi malamulo ake a mmene mayina a ma function amaonekera kunja ndi mmene laibulale imapezera anzake.

Mavuto amene anadzionetsa okha

Pa laputopu yanga zinayenda ulendo woyamba:

gcc -fPIC -shared msika.c -o msika.so

Nditakopera msika.so pa seva, inakana ndi uthenga wakuti "version `GLIBC_2.38' not found". Dzina lakuti glibc ndi la laibulale yaikulu ya C pa Linux, ndipo Ubuntu 24.04 ili ndi glibc 2.39, pamene 22.04 ili ndi 2.35. Lamulo la objdump -T linandionetsa wolakwa: __isoc23_strtol. Pamwamba pa failo ndinali nditaika _GNU_SOURCE mwachizolowezi chabe, ndipo pa glibc yatsopano zimenezi zimatembenuza strtol wamba kukhala mtundu watsopanowu. Laibulale yomangidwa pa glibc yakale imagwira pa yatsopano, koma yomangidwa pa yatsopano ikhoza kukana pa yakale. Kuyambira pamenepo ndimamangira .so pa seva yeniyeniyo. Ya Raspberry Pi ndimamangiranso pa Pi pomwepo, chifukwa nditaiponyera ya x86-64 inayankha kuti "wrong ELF class: ELFCLASS64". Failo imodzi ya C simachedwa kumanga ngakhale pa kamakina kotero.

Windows inandidyera masiku awiri. Ndilibe Visual Studio, ndipo kuikoka pa mabandulo a foni ndi nkhani ina, choncho ndinagwiritsa ntchito MinGW, compiler yomangira mafailo a Windows, pa Ubuntu pomwepo:

x86_64-w64-mingw32-gcc -shared msika.c -o msika.dll

Uthenga woyamba unali "The specified procedure could not be found". Ndinayamba kukayikira __declspec(dllexport), chizindikiro chimene Windows imafuna pa function yoti ioneke kunja kwa DLL. Ndinachiika mkati mwa #ifdef _WIN32, ndipo n'choyenera kukhalapo, makamaka tsiku lina wina akadzamanga ndi compiler ya Microsoft. Koma vuto silinali limenelo. Pofuna kusiyanitsa mafailo pa fulashi, ndinali nditasintha dzina kukhala msika-win64.dll. SQLite ikapanda kuuzidwa khomo lolowera, ndiye kuti function imene imayamba kuiitana pokoka extension, imayesa sqlite3_extension_init, ndipo ikalephera imapanga dzina kuchokera ku zilembo za dzina la failo. Inkafunafuna sqlite3_msikawin_init pamene ine ndinalemba sqlite3_msika_init. Tsopano failo iliyonse imatchedwa msika basi, ndipo chimasiyana ndi foda imene ili. Ubwino wina wa zimenezi ndi wakuti mu Python umangolemba dzina lopanda mchira, SQLite n'kuwonjezera yokha .so, .dll kapena .dylib malinga ndi makina.

Laputopu yakale ija inati "%1 is not a valid Win32 application". Windows yake ndi ya 64-bit, koma Python yake ndi ya 32-bit, ndipo DLL imatsata pulogalamu imene ikuikoka. Ndinamanganso ina ndi i686-w64-mingw32-gcc.

Mac ndinaibwereka Loweruka masana, amayi aja atakhala pambali kudikira. Lamulo lake ndi clang -dynamiclib, ndipo ndinaonjezera -arch arm64 -arch x86_64 kuti failo imodzi ikwane ma Mac a mitundu yonse iwiri, akale a Intel ndi a Apple Silicon amene anayamba kutuluka mu Novembala 2020. Apa linker, chida cholumikiza zidutswa za pulogalamu kukhala failo imodzi, inakana kumaliza: "Undefined symbols for architecture arm64". Ndinali nditagawa nrc() m'failo yachiwiri usiku wa dzulo lake, ndipo mmenemo ndinaika sqlite3.h m'malo mwa sqlite3ext.h. Pa Linux zimenezi zinadutsa osadandaula, chifukwa linker ya kumeneko imalola laibulale kukhala ndi mayina osadziwika poyembekeza kuti adzapezeka pokoka. Ya Mac ndi ya Windows zimafuna dzina lililonse lidziwike pomanga.

Pano pali msampha umene ndikufuna muusamale. Mukafufuza uthengawu, mayankho ofulumira ndi awiri: kuonjezera -undefined dynamic_lookup, kapena kuonjezera -lsqlite3. Loyamba limangotseka linker pakamwa. Lachiwiri ndi loopsa, chifukwa likhoza kulowetsa SQLite yachiwiri mu pulogalamu imene ili kale ndi yake. Makope awiriwo sadziwana, ndipo pa Linux ndi Mac maloko a failo amagwira pa pulogalamu yonse, moti kope limodzi likatseka failo limamasula maloko a linzake. Olemba SQLite eni ake amatchula zimenezi pa mndandanda wa njira zoonongera databesi. Njira yolondola ndi sqlite3ext.h. Imatembenuza dzina lililonse la sqlite3_ kukhala kuitana kodzera pa tebulo limene pulogalamu yokoka imapereka pa khomo lolowera. Failo yaikulu imakhala ndi SQLITE_EXTENSION_INIT1 pamwamba ndi SQLITE_EXTENSION_INIT2 m'khomo, mafailo enawo SQLITE_EXTENSION_INIT3. Ukatero extension siilumikizidwa ndi laibulale ya SQLite iliyonse. Pa Linux ndinaonjezera -Wl,--no-undefined kuti nayonso izikana ngati anzake.

Chotsala pa Mac chinali Python yobwera ndi zida za Apple, imene ilibe enable_load_extension, function yololeza kukoka extension. Ya Homebrew, chida choikira mapulogalamu pa Mac, ili nayo. Ndinaikapo imeneyo, tinayesa thumba limodzi, matumba khumi, zonse bwino. Ndinalemba mu lipoti langa kwa bwana wamkulu kuti extension ikugwira ntchito pa makina onse asanu.

Lisiti ya ku Chadiza

Patapita milungu itatu, foni inalira m'mawa. Anali amayi osunga ndalama.

"Mwana wanga, kodi makina anuwa mwawaphunzitsa kuba? Kuli bambo ku Chadiza akana kuchoka pa sikelo."

Bamboyo anali wapampando wa kalabu ya alimi. Anasonkhanitsa soya ya mamembala ake n'kubweretsa matumba 100 a makilo 50, onse pamodzi makilo 5,000. Mtengo wa pa bolodi tsikulo unali K12 pa kilo. Iye anali atawerengera kale pa foni kunyumba, ndipo anthu ake ankadikira K60,000. Lisiti inatuluka ndi K17,050.32. Kalaliki, mnyamata amene anali asanathe mwezi pa ntchito, anaumirira kuti kompyuta singaname. Mukudziwa mmene alimi amaonera ogula mbewu pa nkhani ya sikelo, ndiye mutha kuona mmene zinthu zinalili pa depotipo.

Ndinauza amayiwo kuti alipire K60,000 ndi lisiti ya pamanja, ine ndikufufuza. Pa laputopu yanga, mtengo(5000000, 1200) inabweza 6000000, ndiye kuti K60,000 ndendende. Pa seva chimodzimodzi. Ndinayamba kuganiza kuti mnyamatayo analakwitsa polemba kulemera, koma chithunzi cha lisiti chimene ananditumizira pa WhatsApp chinali ndi makilo 5,000 ndi K12, zonse zolondola.

Chinandithandiza ndi kuchotsera. K60,000 kuchotsa K17,050.32 kutsala K42,949.68. Manambala amenewo, 4, 2, 9, 4, 9, aliyense amene wakhalitsa pa C amawadziwa ngati nambala ya foni ya kwawo: 4,294,967,296, kuchuluka kwa manambala amene amakwana mu 32-bit. Ndinatsegula msika.c manyazi atandigwira kale. Mzere wake unali uwu:

long g = sqlite3_value_int64(argv[0]); long n = sqlite3_value_int64(argv[1]); sqlite3_result_int64(ctx, g * n / 1000);

Pa Linux ya 64-bit ndi pa Mac, long, mtundu wa nambala yathunthu mu C, ndi wa 64-bit. Pa Windows, long ndi wa 32-bit, ngakhale Windows yakeyo ikhale ya 64-bit, ndipo MinGW imatsata lamulo la Windows ngakhale ukumangira pa Ubuntu. Pa Raspberry Pi ya 32-bit nayonso long ndi wa 32-bit. Nambala yaikulu imene long wotero angasunge ndi 2,147,483,647. Magalamu 5,000,000 kuchulukitsa ndi mangwee 1,200 ndi 6,000,000,000. Nambalayo inasefukira, kunatsala 1,705,032,704, ndipo kugawa ndi 1,000 kunapereka mangwee 1,705,032. Imeneyo ndiyo K17,050.32 ya pa lisiti. Malamulo a C sanena n'komwe chimene chiyenera kuchitika nambala yotere ikasefukira, koma pa makina athuwa inangozungulira n'kuyambiranso.

Nditawerengera malire ake ndinamvetsa chifukwa chake zinabisala milungu itatu. Pa K12, kusefukira kumayamba pa makilo pafupifupi 1,790. Matumba 35 amadutsa bwino, a 36 ndiwo amagwa. Alimi ambiri obwera pa depoti amabweretsa matumba asanu, khumi, makumi awiri, pa njinga kapena pa ngolo, ndipo onsewo analipidwa molondola. Kuyambira matumba 36 mpaka 71 yankho limatuluka ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo. Kuyambira 72 mpaka 107 limabwereranso kukhala nambala yooneka ngati ndalama, koma yoperewera ndi pafupifupi K42,950.

Ndinaimbira akalaliki a ku Katete, bambo wachikulire amene wagula mbewu zaka zambiri, kuwafunsa ngati anaonapo nambala yachilendo.

"Ee, aphunzitsi, kawiri konse. Inalemba kuti mlimi ndiye atilipire ife. Ndinangogawa katunduyo pa malisiti awiri, basi inakhala bwino."

Sanauze munthu chifukwa kwa iwo vuto linali litatha. Sindiwaimba mlandu. Sindinawapatse njira yonenera zachilendo, ndiponso pulogalamu yanga inalola lisiti yokhala ndi ndalama yochotsera kuoneka pa sikirini popanda kudandaula.

Kukonza, ndi vuto limene kukonzako kunabala

Kukonza kwake kunali kwa mphindi imodzi: long aliyense anakhala sqlite3_int64, mtundu umene ndi wa 64-bit paliponse. Ndinaonjezera kuti mtengo() izikana ndi uthenga womveka ngati kulemera kapena mtengo uli pansi pa ziro. Ndinayesanso kumanga failo yakale ija ndi -Wconversion pa MinGW, ndipo compiler inaloza mzere womwewo nthawi yomweyo. Ine ndinkamanga ndi -Wall ndi -Wextra, ndipo chenjezo limeneli silili m'gulu la ziwirizo.

Ndinatumiza ma DLL atsopano. Ku Chadiza inagwira. Laputopu yakale ya pa sikelo ya m'tauni inakana: "The specified module could not be found". Failo inali pomwepo, ndikuiona ndi maso. Uthenga umenewu umasocheretsa, chifukwa Windows imaunena ngakhale pamene chosowa ndi DLL ina imene yako ikudalira, ndipo siitchula dzina lake. Lamulo la objdump -p linaonetsa mzere watsopano: libgcc_s_dw2-1.dll. Purosesa ikamayenda mwa 32-bit ilibe lamulo limodzi logawira nambala ya 64-bit, choncho GCC imaitana function yothandizira, __divdi3, imene imakhala mu libgcc. Kale kugawa kwanga kunali kwa 32-bit ndipo sikunkafuna thandizo. Kukonza long kunabweretsa kudalira kumeneku. Kuonjezera -static-libgcc kunalowetsa function imeneyo mkati mwa msika.dll momwemo, ndipo nkhani inatha.

Popeza ndinali nditatsegula kale failo, ndinayang'ananso malo ena amene C imasiyana pa makina. Ndinapeza amodzi. Mu nrc() ndinkapereka char wamba kwa isdigit. Pa x86 char amatha kukhala wochotsera, pa Linux ya ARM ayi. Kalaliki akalakwitsa n'kulemba dzina m'malo mwa nambala, ndipo dzinalo lili ndi ŵ monga amalembera abale athu a kutsidya kwa Mwami, chilembocho mu UTF-8 ndi mabaiti awiri, 0xC5 ndi 0xB5, onse opitirira 127. Sizinagwetsepo kanthu, koma ndinaika (unsigned char) pamalo pake. Mauthenga olakwa a pa khomo lolowera ndinaonetsetsa kuti akupangidwa ndi sqlite3_mprintf, chifukwa SQLite ndiyo imadzawamasula, ndipo pa Windows malloc wa DLL yako ndi free wa pulogalamu yokoka akhoza kukhala a malaibulale a C osiyana.

Madzulo a tsikulo tinasonkhanitsa madatabesi a madepoti onse pa seva, n'kuwerengeranso lisiti iliyonse ya milungu itatuyo ndi SQL wamba. Yolakwika inali imodzi yokha, ya ku Chadiza ija. Tinapulumuka chifukwa kuperewera kwake kunali kwakukulu moti munthu sakanalephera kukuona, ndiponso chifukwa wapampandoyo anabwera ndi nambala yake m'manja.

Mawu akuti SQL wamba akundikumbutsa chinthu chimene ndiyenera kuvomera. SQLite imawerengera manambala athunthu mu 64-bit pa makina alionse. Ndikanalemba kawerengedwe ka mtengo ngati view, funso la SQL losungidwa mu databesi momwemo, vutoli silikanabadwa, ndipo masiku amene ndinathera pa ma linker akanachepa. Ndinasankha C chifukwa ndimaikonda, ndiponso chifukwa nrc() inkaoneka yosavuta mu C. Pa nrc() ndikuganizabe kuti ndinasankha bwino. Pa mtengo() ayi, ndipo ndauza bwana wamkulu kuti nyengo yogula ikatha tidzaisamutsira mu view. Pakati pa nyengo sindifuna kugwedeza chinthu chimene alimi akulipidwa nacho.

Mmene zilili tsopano

Pali Makefile imodzi yotulutsa mafailo asanu m'mafoda asanu: linux-x64, linux-arm32, win64, win32 ndi mac. Onse amamangidwa ndi -Wall -Wextra -Wconversion. Pali failo ya mayeso, mayeso.sql, imene imakoka extension n'kufunsa mtengo wa thumba limodzi, matumba 35, 36, 72, 100, ndi 600, amene ndi thiraki ya matani 30 ndipo pa K12 ayenera kupereka K360,000. Mayankho amayerekezedwa ndi failo ya mayankho olondola. Chimene ndinasintha kwenikweni ndi malo oyeserapo. Kale ndinkayesa pa laputopu yanga n'kungoona ngati makina enawo akukoka failo osakana. Tsopano mayeso onse amayenda pa failo iliyonse mwa zisanuzo. Ma DLL awiri ndimawayesa pa Ubuntu kudzera mu Wine, imene imayendetsa mapulogalamu a Windows pa Linux, ndi sqlite3.exe ya 64-bit ndi ya 32-bit, kenako kamodzinso pa laputopu zenizenizo ndisanachoke. Pulogalamu ya pa depoti nayonso ikamayamba imafunsa mtengo(30000000, 1200), ndipo yankho likapanda kukhala 36000000 imakana kutsegula tsamba la malisiti.

Ya Mac ndiyo ikadali yovuta. Ndilibe Mac yanga, ndiye kusintha kulikonse kumadikira Loweruka limene amayi aja angandibwereke yawo. Ulendo wina ndinawatumizira msika.dylib pa imelo, macOS inaiika chizindikiro cha com.apple.quarantine n'kukana kuikoka, ndipo kuwalongosolera xattr -d pa foni kunatitengera nthawi yaitali kuposa kukwera njinga ya kabaza kupita ku ofesi. Pano ndimapita ndekha ndi fulashi.

Wapampando wa ku Chadiza anabweranso ndi matumba ena kumapeto kwa mwezi. Mnyamata wa pa depoti anandiuza kuti bamboyo anayamba waonetsa nambala ya pa foni yake, kenako ndiye analola kuti katundu akwere pa sikelo.